Mbendera Yachitatu

Ogasiti wabwera ndi mwano wake.
Kuno kuseri kwa Leopards Hill, kumene phula limathera,
fumbi lofiira likulowa m'mano, m'makutu,
ngakhale m'kachitini ka tizipolopolo
kamene ndinamata ndi selotepi.

Matebulo a simenti khumi ndi awiri, mzere umodzi.
Mfuti yanga ya mpweya yagona pa thumba la mchenga
ngati mwana amene wangoleka kulira:
usamugwedeze.
Uko, mamita zana limodzi,
pepala lili ndi timaso makumi awiri ndi tisanu,
pakati pa kalikonse mpochepa kuposa batani la shati ya sukulu.

Ine si msilikali, si mlenje.
Ndine Zelipa Daka, telala wa ku Kamwala,
shopu yoyang'anana ndi ogulitsa mapoto.
Ndinafika kuno chaka chatha kudzatula oda,
mbendera zisanu zoonera mphepo.
Atandilipira anati, tayesaniko kamodzi, mayi.
Kamodziko nkameneka.

Kumanzere kwanga a Yotamu Njobvu,
amene anakalambira kupima malire a mapuloti,
aimika kamakina kozungulira ngati njuchi.
Amawerenga manambala, nalemba, nafufuta.
Ine ndimawerenga nsalu.

Yoyamba ikuti kum'mawa.
Yachiwiri yavomera.
Yachinayi ikuvina zake, yachisanu yaledzera.
Yachitatu ili duu, ngati sikumva kanthu,
ndipo anthu khumi ndi mmodzi akuikhulupirira.

Phwii. Phwii.
Mtovu wochepa ngati njere ya mapira
ukunyamuka molunjika, nkupatuka panjira
ngati minibasi yaona wokwera kutsidya.
Wina watukwana chapansipansi.
A Njobvu avula chipewa, achivalanso.

Ndikuidziwa mbendera imeneyo.
Nayiloni inandithera usiku uja, magetsi atapita,
ndinadula nsalu ya m'kati mwa jekete la ukwati
limene mwini wake sanabwere kudzatenga,
ndinaipinda mpendero kawiri, pa kandulo.
Njolemera. Imadzuka mochedwa.
Ikamati bata, mphepo yadutsa kale;
ikayamba kugwedeza mchira, ndiye kuti zinthu zavuta.

Choncho ndikudikira.
Wotchi ikudya mphindi zanga, ndikuileka idye.
Kamvuluvulu wanyamula pulasitiki ya buledi,
wapita nayo kwa eni mafamu.
Ndikuloza pambali pa kadiso, pa pepala loyera,
zala ziwiri kumene kulibe kanthu,
monga umasiyira malo a msoko podula diresi.
Mpweya theka kunja.
Chala chikhudza, sichikoka,
momwe phazi limanyengerera makina pa kona ya kolala.

Khethe.

Kanthawi kautali ngati ulusi,
kenako bowo, pakati penipeni.
Lina. Lina m'mphepete, koma lakhudza mzere.
Lachisanu ndi chiwiri ndaphonya, mtima unathamanga.

Mluzu. Mfuti zonse zitsegulidwe.
Mnyamata wa mapepala, Masauso, akubwera
atakumbatira zandamale kuti zisauluke,
ndipo akundiyang'ana ngati ndamubisira nkhani.
A Njobvu akugogoda kamakina kawo ndi chikhadabo.
Mayi, akutero, mphepo imeneyi munagwirizana nayo zingati?

Ndikanatha kuseka basi.
Kwatsala pepala lachiwiri, ndipo chikho chili apo,
pafupi ndi mabotolo a madzi, chikutola fumbi.

Koma msoko wokhota sugonetsa telala tulo,
ngakhale kasitomala atauyamikira.

Ndapempha chilolezo kwa woimba mluzu.
Ndayenda mamita makumi asanu ndi limodzi,
udzu wouma ukundibaya m'mapazi,
amuna khumi ndi mmodzi akundiona m'magalasi awo.
Sizasi ndinaiwala ku shopu.
Ndagwira mpendero uja, ndaluma ulusi ndi mano,
ndasolola.

Nsalu yatambasuka, yapepuka,
nthawi yomweyo yaloza kumadzulo
pamodzi ndi zinzake.

Pobwerera, mphepo ili kumaso,
ndikulavula kaulusi kofiira,
ndipo sindikudziwanso kanthu
kamene anzangawa sakudziwa.